Kunsi kwa Dzungu la a Sikelo

Bambo anga anagwira ntchito yoyeza katundu pa depoti kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mu msewu wathu palibe amene amakumbukira dzina lawo lenileni. Aliyense amangoti a Sikelo. Munthu ukamabwera uko iwo amakhala atakuyeza kale ndi maso, ndipo kawirikawiri salakwitsa. Tsiku limene tinabwera ndi mayi kuchokera kuchipatala, atafa mbali yonse ya kumanja ndi sitiroko, bambo anaima pakhomo la kuchipinda, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti atsika makilo asanu ndi anayi. Mawu olandirira mkazi wawo anali omwewo. Madzulo ake anatenga bulangete ndi wailesi n'kusamukira pabalaza.

Ine ndine mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi. Ndimasita zovala pamalo ena ochapira m'tauni. Ndimachoka sikisi m'mawa, kubwera sikisi madzulo, ndipo tsiku lonse ndimakhalira kuwongola mashiti oyera mbee a anthu osawadziwa, pamene mayi anga agonera lonyowa. Abwana anga si oipa, koma anandiuza poyera kuti simbi siidikira munthu, ndikayamba zozemba masana apeza wina. Choncho masana onse mayi ankatsala ndi bambo. Mkazi wa a Makaniko, oyandikana nafe, ankabwera kudzawadyetsa, koma anali ndi pakati potopa, sakanatha kunyamula munthu wamkulu.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kadimba kamene kanali ka mayi kuyambira ine ndisanabadwe. Zenera la kuchipinda kwawo limayang'ana komweko. Bambo anali asanagwirepo khasu m'menemo, iwo ntchito yawo inali kudandaula anyezi akachepa m'mbale. Koma mwezi umene mayi anagwa, mnzawo wakale wa ku depoti anawapatsa nthanga zitatu m'envelopu, za mtundu wa maungu akuluakulu amene anthu amapikisana nawo ku chionetsero cha zaulimi. Anawaonetsanso chithunzi pafoni, dzungu lofika m'chiuno mwa munthu amene anaima pambali pake. Wopambana amamupatsa chikho n'kumujambula. Bambo chikho sanachilabadire kwenikweni. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti kumeneko dzungu amaliika pa sikelo anthu onse akuona. Anazula tomato wa mayi, anyezi, tsabola, zonse, eni ake akuyang'ana pazenera.

Nthanga imodzi inamera bwino, inayanga dimba lonse mpaka kukwera mpanda. Bambo anathothola maungu ena onse akadali ngati mazira, n'kusiya limodzi kuti lizidya lokha. Ine ndinalitcha Achimwene, popeza mwana wamwamuna amene bambo anamudandaula zaka zonsezi anali atabadwa tsopano, komanso sankayankha mwano ngati ine.

Loweruka ndimaweruka masana, ndipo ndi tsiku limene ankabwera anesi oyendera odwala m'makomo, mayi wamfupi wa chikwama chakuda, wosakonda zokometsera nkhani. Ulendo woyamba anatiitana tonse kuchipinda. Bambo anafika pakhomo pokha.

"Munthu wogonera mbali imodzi amayamba kuola kuchokera kunsi, kumene simukuona," anatero anesi. "Maola awiri akakwana mutembenuzeni. Pakhale pouma. Ndipo tsiku lililonse muzisuzumira kunsiko, musamangokhulupirira nkhope."

Anatisiyira siponji yapadera, yokhala ndi timapiri ngati thireyi ya mazira, yoti mphepo izidutsa pansi pa thupi. Anali nayo imodzi yokha. Anatichenjeza kuti isanyowe, chifukwa siponji ikamwa madzi imauma pamwamba pokha, mkati imasunga. Izo tinadzionera tokha sabata yoyamba yomwe, pepala la pulasitiki limene tinkayala pamwamba pake litasuntha. Ndinaiyanika padzuwa masiku atatu, koma ukaifinya inkatulukabe madzi.

Anesi akulankhula tsiku lija, ndinaona bambo akutulutsa kabuku m'thumba la malaya n'kumalemba. Anafunsanso mafunso, ngati mphepo ya fani imathandiza kuumitsa, ngati pamene pasupuka pamafunika kuphimba kapena kusiya poyera. Ndinasangalala, uchitsiru wangawo. Ndinati m'dala uja mtima wabwerera m'malo mwake.

Zonse zimene analemba zinapita kwa Achimwene. Anawayalira mchenga wa kumtsinje, wosefa, pamwamba pa thabwa loboola mabowo kuti madzi asakhazikike. Pothirira sankalola dontho kugwera pa dzungu kapena pamasamba, ankathirira pansi ndi kachitini, atagwada. Pakhosi, pomwe dzungu limalumikizana ndi nthambi, ankapukutapo m'mawa uliwonse ndi thaulo n'kuwazapo phulusa, akuti kuola kumakonda kulowera pamenepo. Dzuwa likakwera ankalifunditsa shiti loyera kuti khungu lisang'ambike, ndipo shitilo linachoka pabedi la mayi. Kenako inatsatira fani, pa chingwe chachitali chodutsa pazenera lomwelo. Botolo la spiriti limene anesi anasiya lotsukira sizasi ndinakalipeza m'dimba, litatsamira njerwa.

Ndinawatcherera bambo alamu pafoni kuti izilira maola awiri aliwonse, iziwakumbutsa kutembenuza mayi, ndipo sindingawanamizire, alamuyo ankaimvera. Ikalira ankadzambatuka, kutenga tepi ndi kabuku, n'kupita kukayeza Achimwene m'mimba ndi m'litali. Akatero ankagona chamimba pamchenga, munthu wa zaka zawozo, n'kumasuzumira kunsi ndi kagalasi kometera ndevu. M'mawa ine ndinkasiya mayi atagonera kumanzere, nkhope kuzenera, chifukwa ankakonda kuwala. Madzulo ndinkawapeza momwemo. Ndiye kuti maola khumi ndi awiri ankangoonerera mwamuna wawo akugwadira dzungu.

Chinayamba ngati kachidindo kofiira pafupa la m'chiuno mwa mayi, kosazimirira ngakhale ukanikizepo chala. Patapita masiku khungu linasupuka. Ndinkatsuka ndi madzi a mchere monga anandiphunzitsira anesi, ndikamabwera ku ntchito ndinkawatembenuza mpaka manja anga kuwawa, koma zimene ndinkakonza madzulo zinkaonongeka masana. Chimene chinkafunika chinali chimodzi chokha, kuti munthu amene ali pakhomo tsiku lonse azilowa m'chipinda n'kuwatembenuza.

Lamulungu lina ndinawatsatira bambo m'dimba. Sindinagwade, sindinafewetse mawu. Ndinawafunsa kuti chovuta n'chiyani kutembenuza munthu amene agona naye bedi limodzi zaka makumi anayi. Poyamba anati msana. Ndinawakumbutsa zidebe zimene amasenzera Achimwene m'mawa uliwonse. Kenako anati fungo la m'chipindamo limawatsekereza chakudya. Ndinawauza kuti fungolo alibweretsa ndi iwo. Apo ndiye anaganiza zondiuza zoona, osasiya kupukuta dzungu lawo.

"Iwe mwana, tamvera. Ili dzulo lokha lawonjezera makilo anayi. Mayi ako chibwerereni kuchipatala atsika ena asanu ndi limodzi. Munthu umathirira chimene chikukula."

Zenera linali lotsegula. Ndinadana nawo bambo anga tsiku limenelo, ndipo chidanicho sichinathe mpaka pano. Ndinalowa m'nyumba ndikuganiza kuti ndipeza mayi akulira. Maso awo anali ouma. Chigwereni ndi matendawa amalankhula pang'onopang'ono, pakamwa patakhota, koma nzeru zonse zilimo. Anangondifunsa kuti dzungulo lafika makilo angati. Ndinawauza kuti bambo akuti makumi asanu ndi anayi, ndipo anatseka maso.

Sabata yotsatira Achimwene anakula kupitirira thabwa lawo, ndipo m'mphepete mwa thabwalo munawacheka kunsi. Bala lake linali lalitali ngati chala, likuchucha timadzi. Bambo analiona pakagalasi kaja, chakudya cham'mawa sanachikhudze. Anaimbira mnzawo wa nthanga uja, foni osayankhidwa. Atasowa kolowera anakumbukira kuti m'nyumba mwawo muli munthu amene walima dimba lomwelo zaka makumi anayi.

Ine ndinali ku ntchito. Zimene zinachitika anandiuza ndi mkazi wa a Makaniko, amene anali m'chipindamo ndi supuni m'manja. Akuti bambo anagogoda, analowa, anakhala pampando, n'kuyamba ndi kamawu kofewa kamene iye anali asanawamvepo nako, kuti mayi a mwana mwadzuka bwanji. Kenako anafotokoza za bala la dzungu, mwatsatanetsatane, mpaka mawu kumanjenjemera. Mayi anamvetsera zonse. Atayankha anati thabwa n'louma, chinthu cholemera chotero chimafuna pofewa.

"Tengani siponji iyi," anatero. "Ine ndazolowera."

Anawalangizanso kuti akaliika pamenepo asalinyamulenso, khosi lingathyoke, ndipo akwirire mchenga m'mbali monse kuti nyerere zisalowe. Bambo analemba zonsezo m'kabuku. Mkazi wa a Makaniko akuti tsiku limenelo bambo ananyamula mayi ndi manja awo, bwinobwino, osadandaula msana, kuti asolole siponjiyo kunsi kwawo. Masana a Makaniko anabwera ndi malamba ndi anzawo awiri a ku galaja, anakweza Achimwene pang'ono, kuchotsa thabwa, n'kuwakhazika pa siponji ya mayi.

Nditabwera madzulo ndinapeza mayi ali pa matiresi awo akale, olowa pakati. Ndinathamangira m'dimba, ndinakumba mchenga ndi manja, ndinakoka ngodya ya siponji mpaka chikhadabo kuthyoka, koma pamwamba pake panali makilo pafupifupi zana. Bambo anandiuza modekha kuti ndisachite misala, eni ake apereka okha. Ndiye ndinabwerera m'chipinda kukakalipira mayi. Mulungu andikhululukire, ndinakalipira munthu wogona. Ndinawauza kuti ukapolo womwewu ndi umene wawagoneka pamenepa, kuti tsiku lina bambo adzapempha chikopa chawo chofunditsa dzungu ndipo adzawasendera okha.

"Isiye," anatero mayi. "Ndi yanga."

Ndinakagula siponji wamba kumsika, yosalala, yotentha, yoti munthu akagonapo thukuta silichoka. Sinathandize kanthu.

Mvula inayamba sabata yomweyo. Bambo anawamangira Achimwene kadenga ka pulasitiki, kokongola kuposa ka bafa lathu, ndipo ankanyadira kuti pamwamba pa dzungu sipagwa ngakhale dontho. Zinali zoona. Madzi ankatsetsereka padengapo, kugwera pansi, n'kumayenda m'dimba monse momwe akufunira. Kagalasi kaja kanasiya ntchito, popeza siponji inali itakumbatira dzungu kunsi ndipo mchenga unali utatseka m'mbali. Bambo ankangoyang'ana pamwamba, pomwe panali posalala, powala, pofiirira bwino, anthu odutsa mu msewu mpaka kumaima pampanda kujambula ndi mafoni. Ana a sukulu ankapempha kulikhudza, iwo n'kumawathamangitsa kuti manja awo ali ndi matenda.

Madzulo aliwonse ndikangolowa, mayi ankandifunsa ngati mvula yagwa yambiri, ngati madzi ayenda m'dimba. Ndinkayesa kuti asowa dothi lawo, ndipo ndinkawayankha mwachifundo, kuti inde mayi, lero ndiye yakhuthuka.

Loweruka lachitatu anesi anachotsa bandeji. Chilonda chinali chitalowa mkati, choti zala ziwiri n'kulowamo, m'mbali mwake mutada. Anafunsa kuti siponji yawo ili kuti. Ndinaloza pazenera. Anatuluka, anakaima m'dimba manja ali m'chiuno, ndipo ndinawamva akulankhula ndi bambo mwaulemu umene munthu amaugwiritsa ntchito akafuna kutukwana. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, anavomera kuti n'zomvetsa chisoni, kenako anawapempha anesi kuti angoyerekeza, mwa maso awo, kuti dzungulo lingakwane makilo angati. Anesi atabwerera m'nyumba anandikokera kukhitchini. Anati awona zambiri m'makomo mwa anthu koma izi zokha ayi. Anati ngakhale titawagoneka kuchipatala, akabwerera kunyumba yomweyi chilonda chidzatsegukanso, ndipo ngati mwezi uno satembenuzidwa masana, zoipa za m'chilondamo zilowa m'magazi.

Mawa lake ndinkayanika zovala pachingwe chimene chimadutsa m'mbali mwa dimba. Bambo anali atapita kukalembetsa dzina la dzungu lawo ku chionetsero. Nditaponda pafupi ndi kadenga kaja, patapata wanga anamira. Tintchentche tating'ono tinauluka pamchenga. Kenako ndinamva fungo, lozuna pang'ono, lolemera, limene ndinalidziwa nthawi yomweyo chifukwa ndi lomwe ndinkakumana nalo ndikachotsa bandeji. Ndinafukula mchenga ndi chala cha kumwendo, ndinaponda ngodya ya siponji, ndipo munatuluka madzi oderako.

Ndinasiya beseni pomwepo n'kulowa m'nyumba. Mayi anandiyang'ana kumapazi, kumene kunali matope, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera.

"Munadziwa," ndinatero.

"Ndagonerapo ine. Ndikuidziwa siponji imene ija."

"Nanga chiuno chanuchi, mayi? Mwaona mmene chilili?"

Anatenga nthawi kusonkhanitsa mawu. "Likaola alowa m'nyumba," anatero. "Alibenso kwina kopita."

Ndinakhala pansi, pasimenti. Masabata onsewa ndinkawayesa wopusa, pamene iwo anali atagona apo n'kumawerenga mvula. Ndinachita nawo mantha mayi anga, ndipo ndinawamveranso chisoni, chifukwa ndinaona kuti sanangofuna kubwezera ayi. Ankamufunabe m'dala uja. Anapereka chiuno chawo kuti agule mwamuna amene anawayeza pakhomo ngati thumba la katundu.

Kunali kutatsala masabata awiri kuti chionetsero chifike. Ndikanawauza bambo tsiku limenelo, mwina akanalikweza, kudula poolapo, kupukuta ndi spiriti, kuumitsa ndi fani, monga ankachitira ndi timabala tina. Sindinawauze. Ndinakwiriranso mchenga bwinobwino, ndipo kuyambira tsikulo madzi onse ochapira mashiti a mayi ndinkatayira mbali imeneyo, kuseri kwa masamba.

Bambo anaona kuti tepi yasiya kusuntha. Masiku anayi otsatizana inapereka nambala imodzimodzi. Anadziyankha okha kuti ndiko kukhwima kumeneko, dzungu likuumitsa khungu, ndipo mwa masamu a m'kabuku kawo linali litakwana makilo mazana awiri ndi khumi. Fungo analimva, koma anati ndi khoswe wafera m'ngalande ya a Makaniko, mpaka anakawadandaulira. Munthu amene analemba ndi dzanja lake kuti osamangokhulupirira nkhope ankapukuta nkhope ya Achimwene kawiri patsiku ndi mafuta odzola a mayi.

Tsiku lonyamula linali Loweruka m'mawa. Ndinanama kwa abwana kuti ndikupita ndi mayi kuchipatala. A Makaniko anabweza pikapu yawo mpaka pageti, kumbuyo atayala matayala akale ndi mabulangete. Anabwera amuna asanu ndi mmodzi a mu msewu wathu, ndipo akazi ndi ana anadzaza pampanda. Bambo anavala jekete ya ku depoti, tayi, ndi nsapato zimene anazipolisha dzulo lake. Mayi anandiuza kuti ndiwatsamize pamapilo ndi kutsegula zenera lonse.

Bambo anadula khosi la dzungu okha ndi mpeni wotsukidwa ndi spiriti. Anagawa amunawo malo, anawauza kuti wina asayerekeze kukanda khungu ndi lamba, ndipo iwo anagwira kutsogolo. Anawerenga mpaka katatu. Amuna aja anakunga mphamvu zonyamulira makilo mazana awiri, ndiye chimene ananyamulacho chinakwera mopepuka mpaka awiri anadzandira. Chinakwera ndi chigoba chokha. Kunsi konse kunatsala pa siponji, ndipo zam'kati zinakhuthukira pansi, madzi oderako ndi zamphalaphala zodzaza mphutsi, mpaka kumiza nsapato za bambo. Fungo linafika pampanda anthu asanamvetse chimene chachitika. Mmodzi mwa amuna aja anathamangira kuseri kwa pikapu kukasanza. Akazi anatseka mphuno ndi nsalu, koma kuseka sanasiye, ndipo mafoni onse anali m'mwamba.

"Ndiye apa tikayeze chiyani, a Sikelo?" anafunsa a Makaniko, atagwira chidutswa cha chigoba.

Bambo anangoima, tayi itadontheredwa. Pamenepo ndi pomwe mayi anaseka. Sikunali kuseka kokongola, kunkatulukira mbali imodzi ya pakamwa, kosakanikirana ndi chifuwa, koma kunali koyamba m'miyezi isanu ndipo kunamveka m'dimba monse. Bambo anatembenuka. Anayang'ana pazenera, anayang'ana siponji imene inali ikutulutsabe madzi pomwe wina anaipondapo, anayang'ananso pazenera. Bambo anga si opusa. Anazindikira.

Anthu atabalalika ndinkayembekeza chimodzi mwa ziwiri, kuti alowa kudzatukwana kapena alowa kudzalira. Ndinaima pakhomo la kuchipinda kuti akabwera ndi ukali andipeze ine. Sanabwere. Anakhala pakhonde la kuseri, nsapato osavula, mpaka dzuwa kupendeka. Mayi anandituma kuti ndiwapukute kumaso, ndiwadzoze timafuta timene tinatsala, ndiwamange mpango wawo wobiriwira umene ankavala popita kokayenda. Ankamvetsera phazi lililonse la pakhonde. Ndinawauza kuti asathamange mtima, iwo anati ndimusiye, munthu wamwamuna amafuna kaye manyazi amutsike.

Chakumadzulo ndinapita kukatenga madzi ndipo ndinawaona bambo atagwada pakati pa zoola zija, manja a malaya atapinda, akufufuza ndi zala. Ankatola nthanga. Iliyonse ankaifinya pakati pa zala, yofewa kutaya, yolimba kuika m'beseni losambitsira mayi. Anazitsuka katatu pampopi. Sindinawauze mayi zimene ndinaona.

Lamulungu m'mawa ndikusintha bandeji, kunamveka kugogoda. Mayi anakonza mpango ndi dzanja lawo lamoyo. Bambo analowa atanyamula thireyi, pamwamba atayala nyuzipepala, nthanga zitandandalikidwa m'mizere. Sanakalipe. Anatipatsa moni tonse awiri, n'kufotokoza kuti m'nyumba yonseyi chipinda chouma ndi chino, komanso ndi chomwe dzuwa la m'mawa limalowamo. Anakoka mpando uja anakhalira tsiku lopempha siponji, anauika pazenera, pakati pa mayi ndi kuwala, n'kukhazikapo thireyi.

"Nthanga zikagonera mbali imodzi zimachita chuku," anatero. "Wina asazikhudze."

Teni koloko alamu inalira pabalaza. Tinamva mapazi akubwera. Mayi anatambasula dzanja lawo pamwamba pa bulangete, chikhatho m'mwamba, kuti wowanyamula apeze pogwira. Bambo anadutsa m'mbali mwa bedi, thalauza lawo mpaka kukhudza dzanjalo, anawerama pathireyi n'kuyamba kutembenuza nthanga imodziimodzi ndi chala, mosamala, milomo ikuwerenga. Zinali zana limodzi ndi makumi anayi. Analemba m'kabuku n'kutuluka. Thwelofu koloko anabweranso, anachita chimodzimodzi. Ulendo wachitatu usanafike mayi anandiuza kuti ndiwavule mpango ndipo ndiwatembenuzire kukhoma.

Lolemba ndinawasiya atayang'ana kukhomako n'kupita kukasita mashiti a anthu. Madzulo ndinawapeza momwemo, thupi likutentha, osandizindikira bwinobwino. Mkazi wa a Makaniko anali atakhala pamphepete pa bedi ndi chakudya chimene mayi anakana. Ndinamufunsa ngati bambo analowako m'chipindamo. Anati analowa kasanu ndi kamodzi, sanaphonye ngakhale kamodzi.